Bambo anamwalira ali odulidwa mu mpingo: kodi ali kuti?

Funso

Abusa, bambo anga anatisiya miyezi ingapo yapitayo. Anali atadulidwa mu mpingo chifukwa chokwatira mkazi wachiwiri, ndiye maliro awo sanaimbidwe. Pasiwa azakhali anga, omwe ndi a Seventh Day, ankati bambo angogona, sakudziwa kanthu. Amalume, omwe ndi a Katolika, akuti tikawaperekere Misa. Mnzanga wa ku felosipu anandiuza mosapsatira kuti wofera kunja kwa mpingo wapita kumoto. Agogo akuti anawalota akudandaula njala. Ineyo ndinasiya kupemphera ndili ku koleji. Pano ndikufuna kubwerera, koma ndikadzifunsa ndikupeza kuti ndi mantha basi: kuopa moto, ndi kuopa kudzaikidwa popanda nyimbo ngati bambo. Kodi bambo ali kuti? Nanga chikhulupiriro choyamba ndi mantha n'chenicheni?

Yankho

Mlongo wanga, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Pepaninso kuti pa nthawi imene mumafunika chitonthozo munalandira mayankho anayi osagwirizana, lina mwa iwo lolasa mtima.

Ndiyambe ndi mawu a mnzanuyo, poti ndikuona kuti ndi amene akukusowetsani tulo. Palibe munthu, kaya mbusa, wansembe kapena mneneri, amene anapatsidwa mndandanda wa olowa ndi otsala. Kudula munthu mu mpingo ndi mwambo wa pansi pano. Akulu a mpingo amamuimitsa ku mgonero ndi pa maudindo kuti aone kukula kwa zimene wachita, alape, abwerere. Tsegulani 1 Akorinto 5. Ku Korinto kunali munthu amene anatenga mkazi wa bambo ake, mlandu umene ngakhale akunja ankanyansidwa nawo. Paulo analamula kuti achotsedwe, koma pa vesi 5 anatchula cholinga chake: kuti mzimu wake ukapulumuke pa tsiku la Ambuye. Ndiye kuti ngakhale kwa Paulo, yemwe sankanyengerera tchimo, kuchotsedwa mu mpingo sikunali chigamulo chomaliza. Kaundula amene amasunga mlembi wa mpingo ndi wina, buku la moyo lotchulidwa pa Chivumbulutso 20:12 ndi lina, ndipo sitinalonjezedwe kuti mayina a m'mabuku awiriwa ndi ofanana.

Maliro osaimba amawawa. Kwathu kuno ulemu wa munthu umaonekera pa tsiku limeneli: amayi a mpingo atavala yunifolomu, kwaya usiku wonse pasiwa, mlaliki, nkhata. Zikasowa zimenezi mudzi wonse umadziwa tanthauzo lake, ndipo manyazi amagwera ana. Koma m'fanizo la mwini chuma ndi Lazaro, pa Luka 16:22, amene akunenedwa kuti anaikidwa m'manda ndi mwini chumayo. Za maliro a Lazaro sitikumva kanthu, tikungomva kuti angelo anamunyamula. Wachifwamba amene anapachikidwa pambali pa Yesu sanalowe kalasi, sanabatizidwe, analibe khadi la chopereka, koma ndi iye amene anauzidwa za Paradaiso. Yesu mwini anaikidwa mothamanga Sabata lisanalowe, ndi Yosefe wa ku Arimateya ndi Nikodemo, amayi ochepa akuonerera. Ine pandekha ndimaona kuti mpingo ukathawa maliro a wodulidwa umalanga amoyo, pakuti ofunika uthenga tsiku limenelo ndi wamasiye ndi ana. Koma imeneyo ndi nkhani yokakamba m'mabwalo a akulu a mpingo.

Musandimve ngati ndikuti bambo ali kumwamba. Ndikanatero ndikanachita cholakwa chomwecho cha mnzanu uja, kungoti mokoma m'makutu. Zimene zinadutsa pakati pa bambo ndi Mulungu wawo m'zaka zimene anakhala kunja, kapena pa mphasa m'masiku omaliza, palibe anaziona. Ngakhale mpingo wa Katolika, umene umalengeza mayina a anthu oyera, sunalengezepo dzina la munthu kuti uyu ali kumoto. Chimene tili nacho ndi funso la Abrahamu pa Genesis 18:25, pamene ankapembedzera Sodomu: kodi Woweruza wa dziko lonse sadzachita chilungamo? Bambo anu ali m'manja mwa Woweruza ameneyo, yemwe amawadziwa kuposa akulu a mpingo, kuposanso inu.

Tsopano za kumene kuli akufa. Ambiri amadabwa akamva kuti Chipangano Chakale sichinena zambiri za kuseri kwa manda. Akufa amatsikira kumalo a akufa, kwa mdima ndi kwa zii, abwino ndi oipa omwe. Yakobo atauzidwa kuti Yosefe wafa anati adzatsikira komweko kwa mwana wake akulira (Genesis 37:35). Salimo 6:5 likufunsa kuti kumandako adzayamika Mulungu ndani. Mlaliki 9:5, vesi limene azakhali anu akulidziwa pamtima, likuti akufa sadziwa kanthu. Aisraeli anatumikira Mulungu mibadwo yambiri popanda lonjezo lomveka la kumwamba ndiponso popanda chiopsezo cha moto. Chiyembekezo china chinayamba kuwala m'mabuku a aneneri: Yesaya 26:19 akuti akufa adzakhala ndi moyo, Danieli 12:2 akuti ambiri ogona m'fumbi adzauka, ena ku moyo wosatha, ena ku manyazi. Pofika nthawi ya Yesu Ayuda anali ogawanika. Afarisi ankakhulupirira kuuka kwa akufa, Asaduki ankakana, moti Paulo atazengedwa mlandu anangotchula nkhaniyi bwalo lonse n'kuyamba kukangana lokha (Machitidwe 23:6-8).

Apa ndi pamene ndikufuna mugwiritse. Chiyembekezo cha Chikhristu chagona pa kuuka kwa akufa. Pa maliro athu timakonda kunena kuti wapita kwawo, wakapuma, ngati nkhani yathera pa mzimu kutuluka m'thupi. Koma mvetserani mawu amene mipingo yambiri imanena Lamulungu m'Chikhulupiriro cha Atumwi: kuuka kwa thupi ndi moyo wosatha. Chikhulupiriro china chakale, chimene chinamalizidwa ku msonkhano wa ku Constantinople m'chaka cha 381, chimatha ndi kuyembekezera kuuka kwa akufa ndi moyo wa dziko likudzalo. Ganizo lakuti thupi ndi ndende, mzimu ukatulukamo ndiye wamasuka, ndi la anzeru achigiriki monga Plato. N'chifukwa chake Paulo atalalikira ku Atene anthu anamumvetsera bwinobwino mpaka pamene anatchula kuuka kwa akufa, pomwepo ena n'kuyamba kumuseka (Machitidwe 17:32). Kupulumuka kwa mzimu akanakuvomera. Kubwereranso kwa thupi kunali zopusa kwa iwo. Komatu Yesu wouka anaonetsa zipsera, anapempha chakudya, anadya nsomba yootcha ophunzira akuona (Luka 24:39-43). Ndipo Baibulo silithera ndi anthu kukwera kumwamba: pa Chivumbulutso 21 mzinda woyera ndi umene ukutsika, Mulungu n'kudzakhala pakati pa anthu m'dziko lokonzedwanso, lopanda imfa ndi maliro.

Funso lakuti thupi lowola lidzauka bwanji linafunsidwa kale ku Korinto. Paulo anayankha ndi mbewu (1 Akorinto 15:35-44): chimene umafesa sichimera chisanafe, ndipo chomeracho sichifanana ndi njere imene unakwirira, ngakhale ndi yomweyo. Lifesedwa lovunda, liuka losavunda. Lifesedwa lofooka, liuka lamphamvu. Mabanja amene sanapeze matupi a abale awo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndi amene abale awo anamira pa nyanja, amafunsa zimenezi ndi misozi. Kwa iwo Chivumbulutso 20:13 chikuti nyanja inapereka akufa amene anali m'menemo. Kuuka sikudalira bokosi, manda kapena mwambo umene unachitika.

Nanga pakati pa imfa ndi tsiku limenelo, wakufa ali bwanji? Apa ndi pamene Akhristu amasiyana, ndipo banja lanu likungoonetsa mbiri ya dziko lathu. Amishoni a ku Scotland anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, Akatolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, a Seventh Day ku Malamulo mu 1902, aliyense ndi chiphunzitso chake, ndipo onsewa anapeza makolo athu ali kale ndi chawo cha mizimu. Mikangano imene inayambira ku Ulaya ndi ku America ndi imene inakumana pasiwa pa bambo anu.

Azakhali akunena chiphunzitso cha mpingo wawo: imfa ndi tulo tosadziwa kanthu kufikira Yesu adzabwere. Amatsamira pa Mlaliki 9:5, pa mawu a Yesu akuti bwenzi lake Lazaro wa ku Betaniya wagona (Yohane 11:11), ndi pa 1 Atesalonika 4:13-17 pamene akufa akutchedwa ogona amene adzauka lipenga likadzalira.

Amalume akunena cha Katolika: munthu amaweruzidwa atangomwalira, ndipo amene wafa ali pa ubale ndi Mulungu koma asanayeretsedwe kwathunthu amadutsa mu puligatoriyo, kumene mapemphero a amoyo amamuthandiza. Anthu a mipingo ina amaganiza kuti puligatoriyo ndi mwayi wachiwiri wa munthu wotayika. Akatolika saphunzitsa choncho, ndi ya opulumuka okhaokha. Maziko ake ndi 2 Amakabeo 12:43-45, pamene Yuda Makabeo anasonkhetsa ndalama n'kuzitumiza ku Yerusalemu kuti ziperekedwe nsembe ya asilikali ake ophedwa, komanso 1 Akorinto 3:15. Chiphunzitsochi chinatsimikizidwa pa misonkhano ya ku Florence mu 1439 ndi ku Trent mu 1563, ndipo pa 2 Novembala chaka chilichonse Akatolika amapempherera akufa onse. Mipingo ya Chipulotesitanti siwerengera mabuku a Amakabeo m'Malemba, ndipo mkangano wa Martin Luther mu 1517 unayambira pa kugulitsa makalata ochepetsera zilango za ku puligatoriyo.

Achipresibateriya ndi ena ambiri timaphunzitsa kuti mzimu wa wokhulupirira umakakhala ndi Khristu nthawi yomweyo, thupi n'kumapuma m'manda kudikira kuuka, ndipo akufa sitiwapempherera poti Ahebri 9:27 akuti munthu amafa kamodzi, kenako chiweruzo. Ine ndaima pamenepa, makamaka chifukwa cha Afilipi 1:23. Paulo ali m'ndende akuti akulakalaka kuchoka kukakhala ndi Khristu, ndiko kwabwino koposa. Zimandivuta kuona momwe akanatchulira kusadziwa kanthu kuti n'kwabwino koposa kutumikira. Koma sindingakangane ndi azakhali anu mpaka kudana nawo. Munthu wogona sawerenga nthawi. Ngati iwo akulondola, chinthu choyamba chimene wakufa adzadziwe ndi nkhope ya Khristu, ndipo ngati ine ndikulondola n'chimodzimodzi. Magulu atatu onsewa amavomerezana pa zazikulu: akufa ali m'manja mwa Mulungu, adzauka ndi thupi, ndipo woweruza ndi Yesu.

Amalume akafuna kupereka Misa musalimbane nawo, akuchita mwa chikondi monga mwa chikhulupiriro chawo. Amene muyenera kumuthawa ndi aliyense wokuuzani kuti mzimu wa bambo wamangidwa ndipo aumasula mukapereka ndalama zakutizakuti. Palibe mpingo wa mbiri yake umene umaphunzitsa kuti chipulumutso chimagulidwa.

Maloto a agogo musawaseke. Makolo athu ankati womwalira amasanduka mzimu, amakhala pafupi ndi mbumba yake, amabwera kutulo akaiwalidwa, ndipo ankamuthirira nsembe ya ufa kapena mowa patsinde pa mtengo. Pa chinthu chimodzi anaona bwino: imfa sithetsa munthu, sithetsanso ubale. Yesu naye anauza Asaduki kuti Mulungu wa Abrahamu, Isake ndi Yakobo ndi Mulungu wa amoyo (Marko 12:26-27). Koma Malemba amaletsa kufunsira kwa akufa (Deuteronomo 18:10-12), ndipo Sauli atayesa zimenezo kwa mayi wa ku Endori sanapeze mtendere (1 Samueli 28). Akufa samva njala ya nsima yathu. Kulota munthu amene wangotisiya kumachitikira ofedwa ambiri, ndipo mayi amene waika mwana wake adzamulota ndithu. Ngati malotowo akukuvutitsani, yang'anani njala kwa amoyo. Bambo asiya makomo awiri. Ana a kunyumba inayo akudya? Fizi ikulipidwa? Katundu wagawidwa mwachilungamo? Lamulo la dziko lino la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa womwalira, ndipo Yakobo 1:27 akuti chipembedzo choona ndi kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye. Ngati kusowa kwa nyimbo kukupwetekabe banja, pomanga chiliza mukhoza kupempha mbusa adzawerenge Mawu ndi kupempherera otsala, nyimbo n'kuimbidwa.

Mudzakumananso ndi anthu, m'basi kapena pa WhatsApp, onena kuti anafa, anapita kumwamba kapena kumoto, anaona akutiakuti akupsa. Lazaro wa ku Betaniya anakhala m'manda masiku anayi, koma Uthenga Wabwino sunalembe liwu ndi limodzi lomwe la zimene anaona. Paulo, pokamba za kukwatulidwa kupita ku Paradaiso, anati zimene zinamveka kumeneko munthu saloledwa kuzinena (2 Akorinto 12:4). Ine maumboni oterewa sindimangapo chiphunzitso.

Za chiweruzo sindingazifufute kuti mukondwe, chifukwa Yesu anazinena kangapo. Koma taonani amene ankawaloza. Mawu ake oopsa kwambiri anagwera atsogoleri a chipembedzo ndi anthu ouma mtima pa osauka. Pa Mateyu 25:31-46 mafunso a tsiku lomaliza ndi a wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wam'ndende, ndipo mbali zonse ziwiri zikudabwa ndi chigamulo. Luka 12:47-48 akuti wodziwa zambiri adzafunsidwa zambiri. Chilangocho n'chotani, Akhristu amasiyananso: ambiri m'mbiri ya mpingo, potsata Augustine, mphunzitsi wakale wa mpingo, amati ndi chosatha, a Seventh Day amati oipa adzawonongedwa n'kutheratu, ganizo limene mlaliki wa Anglican John Stott anaonetsa kuti akutsamirako mu 1988. Ndipo chiweruzo chili ndi mbali yake yotonthoza imene sitiilalikira kawirikawiri. Wopha munthu wachialubino amene sanagwidwe, wakuba mankhwala a m'chipatala amene anafa ali wolemekezeka, sanazembe mpaka kalekale.

Tibwere kwa inu. Kodi kubwerera chifukwa cha mantha n'kolakwika? Mwana wolowerera wa pa Luka 15 sanabwerere kwawo chifukwa chokonda bambo ake. Vesi 17 likunena poyera kuti inali njala. Bambo ake sanamufunse cholinga, anamuthamangira. Choncho musadziletse pakhomo chifukwa chakuti chimene chakufikitsanipo si choyera. Imfa ya kholo yadzutsa anthu ambiri.

Koma mantha sangakusungeni. Katswiri wa masamu wa ku France, Blaise Pascal, yemwe anamwalira mu 1662, anapereka ganizo lotchuka: khulupirira, pakuti ngati Mulungu alipo wapindula zonse, ngati kulibe sunataye kanthu. Ambiri amakhala ndi ganizo limeneli osadziwa mwini wake. Vuto lake n'lakuti silikuuzani kuti mukhulupirire Mulungu uti. Anansi athu Achisilamu nawonso amaphunzitsa za tsiku la chiweruzo ndi moto. Ngati chokutsogolerani ndi mantha okha, mudzatsata amene waopseza kwambiri, ndipo mawa akabwera woposa pamenepo mudzasamukanso. Anthu otere ndi amene amadyeredwa ndalama. Yohane analemba kuti chikondi changwiro chitaya kunja mantha, popeza mantha ali nacho chilango (1 Yohane 4:18). Ndipo kumbukirani Aisraeli aja: Abrahamu, Mose ndi Davide anayenda ndi Mulungu asanamve ulaliki wa moto.

Mantha achiwiri aja, oopa kudzaikidwa popanda nyimbo, ndi ofala kuposa momwe timavomerezera. M'mipingo yathu muli anthu amene amasunga khadi lawo bwinobwino kuti adzaimbiridwe, ndipo matenda akakula achibale amathamangira kwa akulu a mpingo kukakonza zinthu. Sindiwanyoza, maliro n'kulirana, ndipo kufuna kuikidwa mwaulemu si tchimo. Kungoti chimenecho ndi chofuna cha tsiku limodzi, tsiku limene inu simudzamva nyimbozo. Sichingakuthandizeni pamene kutsata Yesu kwafuna kuti mukane ziphuphu ku ntchito kapena mukhululukire mayi a kunyumba inayo.

Funso loyenera kulimbana nalo ndi lakuti: kodi nkhaniyi ndi yoona? Paulo sanazembe. Pa 1 Akorinto 15:14-19 akuti ngati Khristu sanauke, kulalikira kwathu n'kwachabe, chikhulupiriro chanu n'chachabe, ogona mwa Khristu atayika, ndipo ndife omvetsa chisoni kuposa anthu onse. Pa vesi 32 akuwonjeza kuti ngati akufa sauka, tidye, timwe, mawa tifa. Sakuti khulupirirani kuti mwina mwake. Akuika zonse pa chinthu chimodzi chimene akuti chinachitika.

Munaphunzira ku koleji, ndiye ndikupatseni zoti muziyese. Kalata imeneyi ya 1 Akorinto inalembedwa cha m'chaka cha 55, zaka pafupifupi 25 Yesu atapachikidwa, ndipo akatswiri a mbiri, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe, amavomereza kuti ndi ya Paulo. Pa mavesi 3 mpaka 8 iye akubwereza zimene analandira kwa amene anamutsogolera: kuti Khristu anafa, anaikidwa, anauka tsiku lachitatu, anaonekera kwa Kefa (ndiye Petro), kwa khumi ndi awiriwo, kwa abale oposa 500 amene ambiri anali akadali moyo, kwa Yakobo, kenako kwa iye. Pa Agalatiya 1:18-19 akuti anakhala kwa Petro masiku 15 ndipo anaonana ndi Yakobo m'bale wa Ambuye, ndiye kuti anthu awiri a pa mndandandawo anayankhula nawo pamaso. Yakobo ameneyu ndi mmodzi wa abale amene sankamukhulupirira Yesu ali moyo (Yohane 7:5), koma anadzakhala mtsogoleri wa mpingo wa ku Yerusalemu, ndipo wolemba mbiri wachiyuda Josephus akuti anaphedwa ndi miyala cha m'chaka cha 62. Wolemba mbiri wachiroma Tacitus, yemwe ankanyoza Akhristu, analemba kuti Khristu anaphedwa ndi Pontiyo Pilato mu ulamuliro wa Tiberiyo. Mauthenga Abwino onse anayi akuti oyamba kupeza manda ali apululu anali amayi, pa nthawi imene umboni wa mkazi unkapeputsidwa. Wopeka nkhani akanasankha mboni zina.

Mbiri ikhoza kukufikitsani apa: Yesu anapachikidwa, ndipo patangopita nthawi yochepa omutsatira anatsimikiza mtima kuti amuona wamoyo, mpaka ena kufera zimenezo. Kufera chinthu kumaonetsa kuti munthu sankanama dala. Sikutsimikiza kuti chinthucho n'choona. Akatswiri ena amati anali masomphenya a anthu achisoni. Chimene chimandilepheretsa kuvomera zimenezo mukuchidziwa kuchokera kwa agogo anu. Iwo alota bambo, koma sananene kuti bambo auka. Malotowo akungotsimikiza kuti munthuyo anafa. Ayuda nawonso ankadziwa za mizimu ndi masomphenya: Petro atatuluka m'ndende usiku n'kugogoda pakhomo, a m'nyumba anati ndi mngelo wake (Machitidwe 12:15). Ophunzira akanangoona masomphenya akanati mzimu wa Mphunzitsi uli kwa Mulungu, ndipo palibe akanawazunza. Iwo ananena chinthu chimene Myuda aliyense sankachiyembekezera, kuti munthu mmodzi wauka ndi thupi tsiku lomaliza lisanafike. Ine ndimakhulupirira kuti ananena choncho chifukwa ndi zimene zinachitika. Inu muyese nokha.

Chikhulupiriro chomangidwa pamenepa chimabala kulimba mtima. Pa 3 Juni 1886 ku Namugongo m'dziko la Uganda, Charles Lwanga ndi anzake, Akatolika ndi a Anglican, anatenthedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo pa lamulo la mfumu ya kumeneko, Kabaka Mwanga. Wamng'ono mwa iwo, Kizito, anali wa zaka pafupifupi 14. Anyamata amenewa sanalowe pamoto chifukwa choopa moto.

Simufunika kuthetsa kukayika konse musanayambe. Bambo wina amene anabweretsa mwana wake wodwala kwa Yesu anati ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga, ndipo Yesu anamuchiritsira mwanayo (Marko 9:24). Tomasi anakana umboni wa anzake wakuti Yesu wauka kwa sabata yathunthu, koma sanachoke pagulu, ndipo anzakewo sanamuthamangitse. Mateyu 28:17 akuti ngakhale pa phiri pamene Yesu wouka anaonekera kwa ophunzira ake ena anakayika. Asodzi a ku Galileya anaitanidwa kuti nditsateni asanamvetse kuti akutsata ndani. Kumvetsa kunabwera ali m'njira. Yesu yemweyo anachenjeza kuti womanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake (Luka 14:28), ndiye kusankha kumeneku sikochita usiku umodzi chifukwa mlaliki wakuwa. Ndipo moyo wosatha, monga mwa Yohane 17:3, ndiwo kudziwa Mulungu ndi Yesu Khristu amene anamutuma. Umayamba munthu akadali ndi mpweya, ndipo umaonekera pa momwe akukhalira ndi anzake.

Chitani izi. Werengani Uthenga wa Marko wonse, mitu 16 yokha, madzulo awiri kapena atatu, osadumpha, mukudzifunsa ngati munthu ameneyu ndi woti n'kumukhulupirira. Kenako werengani 1 Akorinto 15. Pempherani momwe mulili, ngakhale muli ndi mkwiyo. Salimo 88 ndi pemphero limene limathera mu mdima, koma lili m'Baibulo. Kulira si kuchepa kwa chikhulupiriro, Yesu analira pa manda a bwenzi lake akudziwa kuti amuukitsa. Ngati miyezi ikupita tulo osabwera, chakudya osalowa, ntchito osagwirika, pitaninso kuchipatala mukafotokoze. Zimenezo sizilimbana ndi pemphero.

Za mpingo, musafulumire kulembetsa. Ngati mtima ukulola kubwerera kumene kunali bambo, pemphani kuonana ndi abusa muwauze momwe maliro aja anakupwetekerani. Ngati simungathe, pitani kwina, khalani kumbuyo miyezi ingapo mukumvetsera ngati amalalikira Khristu kapena mbewu ya ndalama, ngati odwala amayenderedwa, ngati wogwa amafunidwa. Musanalowe kalasi kafunseni mbusa wa pamenepo funso lomwe mwandifunsa ine. Akakuyankhani msangamsanga kuti bambo ali uku kapena uko, yesani mpingo wina.